ALEXANDER ROBERTS WA KU LOVEDALE, MPHUNZITSI WOLONDA NYENYEZI (1857–1938)

Palibe mudzi umene anthu ace sadziwako nyenyezi. Akulu adziwa Nthanda imene ituluka kusanace, adziwa Nsangwe ndi Akamwiniatsatana, ndipo usiku wopanda mwezi ngakhale ana aloza Mlalang'amba umene udutsa thambo lonse ngati njira ya phulusa. Ambiri ayesa kuti nyenyezi iri yonse iwala cimodzimodzi usiku ndi usiku, caka ndi caka, monga anaionera makolo. Kwa nyenyezi zoculuka nzoona. Koma ziripo zina zimene kuwala kwace kukula ndi kucepa. Ina iwala bwino lero, mkuja yazirala. Ina isowa miyezi ingapo, nibweranso pamalo pace pomwe. Munthu amene anayamba kulonda nyenyezi zotere kosalekeza m'thambo la kumwera kwa Afrika anali mphunzitsi wa pa sukulu ya misyoni, wophunzitsa ana a anthu akuda usana ndi kuyang'ana kumwamba usiku, popanda womlipira kobiri pa nchito ya usikuyo. Dzina lace ndiye Alexander William Roberts.

Roberts anabadwa pa 4 Disembala 1857 ku Farr, m'dera la Sutherland, ku mathero a kumpoto kwa Scotland, dziko la miyala ndi mphepo yozizira. Dera limenelo linali ndi cilonda cosapola. Zaka ngati 40 iye asanabadwe, eni malo anapitikitsa mabanja ambiri m'cigwa ca Strathnaver, natentha nyumba zao, kuti m'minda mwao muzidya nkhosa. Ndipo anthuwo anakankhidwira ku gombe la nyanja kumene nthaka inali yosabala. Muisunge mumtima mbiri imeneyi, pakuti mwana wa ku Farr uyu atakalamba anakhala pa milandu ya anthu ena olandidwa malo.

Akali wamng'ono banja lao linasamukira ku Leith, doko la mzinda wa Edinburgh, ndipo anaphunzira pa sukulu ya mpingo wa Free Church. Mtima wace unali pa nyenyezi ciyambire ubwana, nafuna kuti imeneyi ikhale nchito ya moyo wace. Koma Charles Piazzi Smyth, amene anali mkulu wa za nyenyezi m'Scotland monse, anamgwetsa mphwayi. Masiku amenewo malo a nchito yotere anali owerengeka, ndipo mwana wa anthu wamba analibe khomo lolowera. Tsono Roberts anatsata uphunzitsi. Anakonzedwa pa sukulu ya aphunzitsi ya Moray House, naphunzitsa zaka zingapo ku Wick, mudzi wa asodzi, nabweranso ku Edinburgh kudzaonjeza maphunziro pa yunivesite. M'caka ca 1883, ali ndi zaka 25, anabvomera kuitana kwa mpingo wace, nakwera combo kunka ku Lovedale. Anakwatira caka cotsatira.

Dzina la Lovedale siliri lacilendo m'mbiri ya mipingo ya ku Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia. Sukuluyi iri pafupi ndi mudzi wa Alice, pa mtsinje wa Tyhume, m'dziko la Axhosa, ndipo inatsegulidwa mu 1841. Pofika Roberts mkulu wace anali Dr. James Stewart, yemwe uja anayenda ndi Livingstone ku Zambezi, nakhala mmodzi wa oyambitsa misyoni ya Livingstonia. Mu 1876 Stewart anatenga anyamata anai a pa Lovedale kunka nao ku nyanja ya Malawi, ndipo mmodzi wa iwo, William Koyi, ndiye anatsegula khomo kwa Angoni a M'mbelwa cifukwa anali kumvana nao cilankhulo. Anafera komweko mu 1886. Pa Lovedale anyamata ndi atsikana anali kuphunzira za m'mabuku, ndiponso ukalipentala, kusula, kupanga ngolo ndi kusindikiza mabuku. Ana a Azungu ena anali kuphunzira m'zipinda zomwezo pamodzi ndi ana a anthu akuda, cinthu cosowa m'dziko limenelo. Koma pa cakudya anali kukhala pa magome osiyana.

Roberts sanali mbusa wodzozedwa. Anali mphunzitsi, ndipo m'kupita kwa zaka anapatsidwa kuyang'anira cigawo cokonza aphunzitsi, nagwiriziranso udindo wa mkulu wa sukulu pamene Stewart anali pa maulendo ace. Anakhala pa nchitoyi zaka 37. Aphunzitsi amene anapyola m'manja mwace anabalalika m'midzi ya ku Cape ndi maiko ozungulira. Ndipo m'zaka zace zotsiriza pa Lovedale anaphunzirapo anyamata amene pambuyo pace anachuka, monga Z. K. Matthews, Sobhuza II mfumu ya Aswazi, ndi Tshekedi Khama wa Angwato.

Kuti nchito yace ya usiku imveke, nkoyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Woyamba ku Ulaya kuzindikira nyenyezi yosinthasintha kuwala anali mbusa wa mpingo wa Lutheran, David Fabricius, wa ku East Frisia. Mu Ogasiti 1596 anaona nyenyezi yowala pamalo pamene sanaiyembekeze, ndipo patapita masabata inasowa. Zaka zitapita anaionanso. Nyenyeziyo pambuyo pace anaicha Mira, ndiko kuti Yodabwitsa, ndipo ibwereza kuwala kwace pa masiku ngati 332, pafupi miyezi 11. Mbusayo anafa imfa yoipa mu 1617. Anadzudzula munthu wina pa guwa kuti anaba tsekwe, ndipo munthuyo anamkantha ndi fosholo. (Abusa amene akonda kuchula ocimwa ndi maina ao pa ulaliki angalingalirepo.) Mu 1783 mnyamata wa ku England, John Goodricke, amene anali wogontha ciyambire ukhanda, anaonetsa kuti nyenyezi ya Algol izirala kwa maora owerengeka pakapita masiku 2, maora 20 ndi mphindi 49, nati kapena cinthu cina ciizungulira ndi kuiphimba. Anamwalira ali ndi zaka 21. Ndipo mu 1844 Friedrich Argelander wa ku Bonn analemba pempho kwa onse okonda nyenyezi, pakuona kuti akatswiri a m'nyumba zazikulu zoonera kumwamba ngocepa ndipo nyenyezi zosintha nzambiri. Anawaphunzitsa njira yapafupi yopimira kuwala ndi maso, nawapempha kuti azilemba zimene aona.

Pempho limeneli linabala zipatso ku Ulaya ndi ku Amerika. Koma munthu wa ku London kapena ku Bonn sangaone Mtanda wa Kumwera, kapena timitambo tiwiri toyera tija tokhala kumwera usiku wa mdima, pakuti dziko lenileni limchinga. Thambo la kumwera linali ngati munda wopanda mlimi. John Herschel ali ku Cape mu Disembala 1837 anadabwa kuona nyenyezi imene tsopano aicha Eta Carinae itakula kuwala mwadzidzidzi. Mu 1843 inaposa nyenyezi zonse kupatula Sirius yokha, ndipo pofika ca m'ma 1870 inali itazirala kotero kuti maso sakanaiona. Benjamin Gould ku Córdoba, m'dziko la Argentina, anasindikiza mu 1879 ndandanda ya kuwala kwa nyenyezi za kumwera, nasonyezamo zambiri zimene anaziganizira kuti zisintha. Koma panalibe munthu wokhala nazo usiku ndi usiku.

Roberts anayamba kulonda nyenyezi zimenezi mu 1891. Zipangizo zace zoyamba zikadaseketsa akatswiri: cimodzi cinali cida cakale ca opima malo, cokhala ndi galasi la inchi imodzi, ndipo ngakhale magalasi amene anapeza pambuyo pace anali ang'ono ndithu. Amene anamlimbitsa mtima ndiye David Gill, mkulu wa nyumba yoonera nyenyezi ya ku Cape Town, nayenso wa ku Scotland, amene poyamba anali wokonza mawochi ku Aberdeen asanalowe nchito ya nyenyezi. Gill anadziwa kuti luso silikhala m'kukula kwa galasi, ndipo anasamala mphunzitsi wa kumudziyu monga mnzace wa pa nchito.

Kapimidwe kace nkotere. Ciyambire kale akatswiri anagawa nyenyezi zooneka ndi maso m'magulu 6; zowala koposa ndizo za gulu loyamba, zozirala koposa ndizo za gulu la 6, ndipo ya gulu loyamba iposa ya gulu la 6 kuwirikiza ka 100. Munthu wofuna kupima nyenyezi yosintha ayamba wasankha nyenyezi zina zoyandikana nayo zimene kuwala kwace nkodziwika ndipo sikusintha, ina yoiposa pang'ono, ina yoicepera pang'ono. Tsono ayang'ana iyi, nayang'ana iyo, nabwerera kwa yosinthayo, naweruza kuti iri pati pakati pa ziwirizo. Ziri ngati munthu woima pa citunda usiku, woona moto wa m'midzi itatu patali, nanena kuti wa pakatiwo uposa wa kumanzere koma sufika pa wa kumanja. Atatero alemba ciweruzo cace pamodzi ndi tsiku, ora ndi mphindi. Kuweruza kumodzi kulibe phindu. Koma akabwereza kambirimbiri, naika ziwerengerozo pa pepala monga mwa nthawi yace, pamatuluka mzere wokwera ndi wotsika ngati mapiri ndi zigwa, ndipo mzere umenewo ndiwo uulula cimene cicitika pa nyenyeziyo.

Nchitoyi ifuna kupirira kumene anthu ambiri alibe. Nyenyezi yosintha pa miyezi 11 ingayang'anidwe kamodzi pa sabata. Koma imene itsiriza kusintha kwace pa tsiku limodzi ifuna munthu wokhala nayo kuyambira madzulo mpaka tambala woyamba, ndi kuipima kawiri-kawiri. M'miyezi ya Juni ndi Julai ku dziko la Axhosa kugwa cisanu coumitsa zala. Kutaca belu la sukulu linali kulira monga mwa masiku onse, ndipo ophunzira anali kuyembekeza mphunzitsi wao. Anacita cotero zaka pafupi 30. Amene anawerenga nchito yace anena kuti anapima kuwala kokwana ngati 250,000 pa nyenyezi 98, napeza yekha nyenyezi zosintha zoposa 20 zimene sizinadziwike kale, nalemba nkhani zoposa 100 m'magazini a akatswiri a ku England, Germany ndi Amerika.

Cimene cimsiyanitsa ndi olonda ena akhama ndico cakuti sanakhulupirire maso ace. Poyerekeza zolemba zace anaona kuti nyenyezi ziwiri zosasintha zinali kuoneka ngati zisinthana ulemerero usiku umodzi womwewo, ina kuposa inzace madzulo, ndi kuicepera mbandakuca. Analondola cifukwa cace, napeza kuti colakwa ciri m'diso la munthu. Thambo likamazungulira usiku, nyenyezi imene inali pamwamba pa inzace idza m'mbali, kenaka m'munsi. Ndipo diso lipatsa kuwala koonjeza kwa nyenyezi monga mwa malo amene yakhala, kawiri-kawiri kwa iyo ya m'munsi. Munthu wosacenjera angalengeze kuti wapeza nyenyezi yosintha pamene casintha ndi diso lace lokha. Roberts anapima kukula kwa cinyengo cimeneci, nalemba za ico, ndipo pambuyo pace anagwiritsa nchito telesikopu yokhala ndi galasi lotembenuzika, kuti azitha kuzunguliza cithunzi ca nyenyezizo ndi kuzipima ziri m'malo osiyana-siyana, cinyengoco cidzithetse cokha. Kufikira lero mabuku ophunzitsa olonda atsopano acenjeza za msampha umenewu.

Mtima wace unali makamaka pa nyenyezi za mtundu wa Algol. Cimene diso liona ngati nyenyezi imodzi cikhala nyenyezi ziwiri zozungulirana, zoyandikana kotero kuti magalasi a masiku amenewo, ngakhale akulu, sakanazilekanitsa. Yerekezani anthu awiri onyamula miuni, obvina mozungulirana pa bwalo la kutali. Akakhala mbali ndi mbali muona kuwala kwa miuni yonse iwiri. Mmodzi akapita patsogolo pa mnzace kuwala kucepa. Ndiye kadamsana, wofanana ndi uja acitika mwezi ukaphimba dzuwa. Mu 1896 Roberts anazindikira kuti nyenyezi ya RR Centauri ndi ya mtundu umenewu, ndipo ziwirizo zitsiriza ulendo wao pa maora 14 ndi theka okha. Koma mzere wa kuwala kwace unali wacilendo. Miuni iwiri yotalikirana ikadapatsa kuwala kosasintha nthawi yaitali, ndi kuzirala kwa kanthawi kocepa. Koma iyi inali kusintha kosapuma, popanda mphindi yokhazikika. Roberts anati nyenyezi ziwirizo ziyandikana kotero kuti zikokana ndi kutalika ngati mazira, mpaka pafupi kukhudzana nsonga ndi nsonga. Dzira mukaliyang'ana m'mbali lioneka lalikulu, mukaliyang'ana ku nsonga lioneka laling'ono. Cotero kuwala kusintha ngakhale pamene palibe kadamsana. Anawerengera cimodzimodzi za V Puppis, imene izungulira pa tsiku limodzi ndi pafupi theka. George Darwin wa ku Cambridge, amene anatha zaka zambiri kuwerenga ndi masamu maonekedwe amene zinthu zamadzi zozungulirana ziyenera kutenga, anachula nchito ya mphunzitsi wa ku Lovedale monga umboni wocokera kumwamba wa zimene iye anali kupeza pa pepala.

Mu 1899 anacita cina cacikulu. Anaona kuti utali wa kadamsana pouyerekeza ndi ulendo wonse usonyeza kukula kwa nyenyezizo poyerekeza ndi njira imene ziyendamo. Ndipo podziwa nthawi ya ulendowo, lamulo la Newton la mphamvu yokokana lipatsa kulemera kwa thupi la nyenyezi monga mwa kukula kwace, ngakhale munthu asadziwe kutalika kwa kumene iri. Dengu la thonje ndi dengu la mcenga alingana kukula koma salingana kulemera. Roberts anapeza kuti nyenyezi zimenezi ziri ku mbali ya thonje, zopepuka kwambiri poziyerekeza ndi dzuwa. M'caka comweco mnyamata wa pa yunivesite ya Princeton, Henry Norris Russell, amene pambuyo pace anakhala mmodzi wa akatswiri oposa a ku Amerika, anapeza zofanana payekha, ndipo nkhani zao ziwiri zinatuluka m'magazini amodzi a Astrophysical Journal.

Sanalondole pa zonse ai. Ulipo mtundu wina wa nyenyezi zosintha, zochedwa Cepheid, zimene zikwera msanga kuwala ndi kutsika pang'ono-pang'ono. Roberts, pamodzi ndi akatswiri ambiri a nthawi yace, anayesa kuti nazonso ndi nyenyezi ziwiri-ziwiri. Mu 1914 Harlow Shapley anaonetsa kuti iri yonse ndi nyenyezi imodzi imene itupa ndi kuphwa, monga cifuwa ca munthu wopuma. Ndipo Henrietta Leavitt, popima zithunzi za kamodzi ka timitambo tija ta kumwera, anasonyeza mu 1912 kuti Cepheid yocedwa kubwereza ndiyo yowala koposa. Pa cifukwa cimeneci nyenyezi zimenezi zinasanduka muyeso wopimira kutalika kwa zakumwamba.

Pa zaka zimenezi okonda nyenyezi anayamba kudzimanga m'mabungwe, pakuona kuti mitambo ikaphimba kwa mmodzi, kwa mnzace kungakhale koyera, ndipo zolemba za anthu ambiri zikaphatikizidwa zitseka mipata. Ku England British Astronomical Association inayamba mu 1890, ndi cigawo cace ca nyenyezi zosintha. Ku Amerika William Tyler Olcott, munthu wophunzira za malamulo, anayambitsa mu 1911 bungwe la AAVSO, limene linali kutumiza zopima za mamembala ace mwezi ndi mwezi kwa Edward Pickering wa ku Harvard. Ku Cape Town bungwe linayamba mu 1912, ndipo mu 1922 linaphatikana ndi la ku Johannesburg kukhala Astronomical Society of South Africa. Roberts anali atayamba onsewa a ku Afrika asanakhalepo, ndipo anamlemekeza monga kholo, namsankha kukhala pulezidenti wao mu 1927. Ulemu wina unali utadza kale: Royal Astronomical Society inamlandira mu 1894, Royal Society ya ku Edinburgh mu 1898, ndipo yunivesite ya ku Cape inampatsa udotolo wa sayansi mu 1899. Mu 1913 anatsogolera msonkhano wa akatswiri a sayansi a kumwera kwa Afrika umene unacitikira ku Lourenço Marques, mzinda umene tsopano uchedwa Maputo.

Stewart anamwalira mu Disembala 1905. Mpingo unaika m'malo mwace mbusa James Henderson, amene anacokera ku Livingstonia kumene anali kuphunzitsa pa sukulu yaikulu ya ku Khondowe. Roberts anapitiriza nchito yace pansi pa mkulu watsopanoyo zaka zina 14.

M'caka ca 1920 moyo wace unatembenuka. Jan Smuts, nduna yaikulu ya South Africa, anamuika m'nyumba ya malamulo ya Senate monga wodziwa zofuna za anthu akuda, namuikanso m'bungwe latsopano lolangiza boma pa nkhani zao, la Native Affairs Commission, pamodzi ndi Dr. C. T. Loram ndi General L. A. S. Lemmer. M'bungwe limenelo munalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe, ngakhale ophunzira bwino, ena a iwo ocokera m'manja mwa Roberts mwini, analipo ambiri. Ndipo lamulo la malo la 1913 linali litasiyira kale anthu akuda magawo ngati 7 okha pa magawo 100 a dziko. Roberts anacoka pa Lovedale, ndipo kulonda nyenyezi kunatsala pang'ono kutheratu, pakuti masiku ace anathera m'sitima ndi m'misonkhano.

Mlandu woyamba waukulu unayamba ndi nyenyezi. Enoch Mgijima, mlaliki wa ku Ntabelanga pafupi ndi Queenstown, anaona nyenyezi ya mcira ya Halley mu 1910, naiyesa cizindikiro cotsimikiza masomphenya ace akuti cimariziro cayandikira. Kwa Roberts nyenyezi yomweyo inali mlendo wodziwika, wobwera pakapita zaka ngati 76, ndipo inabweradi mu 1986. Otsata Mgijima, amene anadzicha Aisrayeli, anasonkhana pa malo a Bulhoek kudikira tsiku la Ambuye, namanga nyumba, nakana kucoka pamene boma linati malowo sanaloledwe kumangapo. Mu Epulo 1921 Roberts ndi anzace anapita kukalankhula nao. Sanamvane. Aisrayeli anati akhala pamenepo mwa lamulo la Mulungu, ndipo bungwelo linabwerera, nilibvomereza kuti boma litumize apolisi ambiri, poyesa kuti anthu poona unyinji wao adzagonja popanda mwazi. Pa 24 Meyi 1921 apolisi ngati 800, okhala ndi mfuti zolira kosalekeza, anakomana ndi amuna obvala miinjiro yoyera, onyamula malupanga ndi nthungo. Anafa Aisrayeli oposa 160. Wapolisi sanafe ndi mmodzi yemwe. Roberts sanaombe mfuti, ndipo palibe cifukwa cokayikira kuti anafuna mtendere. Koma munthu amene anadziwa bwino cotere kuti diso lipotoza kuwala monga mwa malo amene cinthu cakhala, sanapime mokwanira cimene gulu la mfuti licita likaima pamaso pa anthu osaopa imfa.

Caka cotsatira anaima bwino koposa. Ku South West Africa, dziko limene tsopano ndi Namibia, mtundu wa Bondelswarts unakana msonkho wolemera wa agalu amene anali kusakira nyama, nukananso kupereka mtsogoleri wao Abraham Morris. Boma linawathira nkhondo mu 1922, ndi ndege zoponya mabomba, ndipo anafa oposa 100. Roberts anatsogolera kufufuza kwace. Iye ndi Loram analemba mosabisa kuti madandaulo a anthuwo anali ndi maziko, ndi kuti akulu a boma akadatha kupewa mwazi. Lemmer anakana kubvomerezana nao. Lipotilo linafika mpaka ku League of Nations ku Geneva, ndipo boma la Smuts silinakondwere nalo.

Roberts anali munthu wa nthawi yace. Anakhulupirira kuti anthu akuda ayenera kukwera pang'ono-pang'ono, Azungu a mtima wabwino ali kuwatsogolera ngati atate, ndipo anatumikira boma limene linali kumanga linga la tsankho mwala ndi mwala. Komabe pa cinthu cimodzi anakana kusunthika. Ku Cape munthu wakuda wokhala ndi cuma cokwanira ndi wodziwa kulemba anali ndi ufulu woponya voti pamodzi ndi Azungu, ndipo pamene boma la J. B. M. Hertzog linafuna kuucotsa, Roberts anatsutsa. Nchito yace m'bungwe lija inatha mu 1935. Mu 1936 lamulo linapita, ndipo maina a anthu akuda anafafanizidwa m'buku la oponya voti la onse. Anamwalira ku Alice mu Januwale 1938, ali ndi zaka 80.

Anafa asanatsirize buku lalikulu limene anafuna kusonkhanitsamo zopima zace zonse. Makope ace anasungidwa pa Boyden Observatory pafupi ndi Bloemfontein, nakhala m'menemo zaka zoposa 60. Pa nthawiyi nchito imene anaiyamba siinafe: ku Cape Town Reginald de Kock analonda nyenyezi zosintha zaka zambiri, ndipo Danie Overbeek wa ku Edenvale, amene anamwalira mu 2001, anapima kuwala koposa 280,000. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000 mamembala a bungwe lija anatsegula makope a Roberts, nakopera ziwerengero zace m'kompyuta tsamba ndi tsamba, nazitumiza ku AAVSO, kumene tsopano ziri pamodzi ndi zopima zoposa 50 miliyoni za olonda a m'maiko onse. Dzina lace linapatsidwa kwa kamwala kamodzi kozungulira dzuwa, 11781 Alexroberts, ndi kwa dzenje lina la kuseri kwa mwezi limene agawana ndi katswiri wina, Isaac Roberts.

Zolemba zakale zotere zifunika cifukwa nyenyezi zina zisintha ngakhale kasinthidwe kace, ndipo moyo wa munthu mmodzi sukwana kucizindikira. Madzulo a mwezi wa Meyi kapena Juni, mukayang'ana kumwera, mudzaona Mtanda uli ciriri, ndi nyenyezi ziwiri zowala kum'mawa kwace zimene ziuloza. Pakati pa ziwirizo pali R Centauri, nyenyezi yofiira imene pa ulemerero wace ingooneka movutikira ndi maso usiku wa mdima, kenaka isowa kwa miyezi. Ca m'ma 1950 inali kubwereza pa masiku ngati 550. Pofika caka ca 2000 inali kubwereza pa masiku ngati 505. Pamwamba pace pang'ono, mofuna galasi laling'ono, pali RR Centauri, mazira awiri aja, amene atsiriza ulendo wao pa maora 14 ndi theka.